Tsiku Limene Ndinavala Jekete la Agogo

Lachinayi, mwezi wa Julaye, kunyumba ya maliro ku Kabulonga.

Ndinadzuka kusanache, nthiti zikupweteka chifukwa chogona pasimenti. Lero linali tsiku loika Agogo m'manda, koma chimene ndinayamba kumva mumtima sichinali chisoni. Inali nsanje. Ndilemba mmene zinalili, ngakhale sizikundikomera.

M'chipinda chochezera anachotsamo mipando yonse tsiku limene Agogo anamwalira, ndipo akazi tonse takhala tikugona mmenemo, mutu wa wina kumapazi kwa mnzake. Amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu anachezera kuimba, ndipo azibambo anali panja mu tenti, atazungulira moto. Koma asisi Lindiwe, mwana wa amayi aang'ono, sanagone nafe. Anafika dzulo pa ndege kuchokera ku Canada, ndipo amayi aang'ono anati mwana watopa, akagone pabedi m'chipinda chake. Chipindacho Agogo ankachitchabe cha Lindiwe ngakhale mwini wake ali kutali zaka zonsezi. Ine ndakhala ndikubwera m'nyumba muno Loweruka lililonse kuyambira ndili giredi eyiti, koma ndilibe ngakhale msomali wopachikapo juzi.

Agogo anali bambo a amayi anga. Anayamba ntchito ya ukazembe akadali mnyamata, ndipo anakhalapo ku Ethiopia, ku Belgium ndi ku Japan, kenako anabwerera kuno kudzakhala nduna ya za maiko akunja. Popita kunja koyamba anasiya amayi anga, mwana wawo woyamba, kusukulu yogonera komweko ku Katete. Amayi anadzakhala namwino, ndipo timakhala m'mafulati a ku Kabwata. Amayi aang'ono anabadwira kunja. Atabereka asisi Lindiwe anapita kukapitiriza sukulu, ndiye mwanayo analeredwa ndi Agogo m'nyumba za akazembe. Ine ndili mwana Agogo ndinkawaonera pa TV, akutsika ndege. Ndinadzawadziwa bwino atadwala sitiroko, mbali yakumanzere itafa. Ndinkawawerengera nyuzipepala, kuwawenga zikhadabo ndi kuwatulutsa padzuwa.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinandilimbitsa mtima sabata yonseyi. Kwathu ku Katete munthu wamkulu akamwalira, zidzukulu sizilira ngati ana ake. Mdzukulu mmodzi amavala zovala za malemuyo n'kutulukira pabwalo, kuyenda ngati iwo ndi kuyankhula ngati iwo mpaka olira aseke. Alongo awo a Agogo, amene timawatchula kuti Ambuya a ku Katete, anandiitana tsiku limene anafika n'kundiuza kuti jekete ndidzavala ndine, popeza ndine ndinkawasamala. Amayi aang'ono atamva sanakondwe.

"Ba mbuya, kuzabwela ma minisita pano. Ivo ni va kumunzi," anatero.

"Nanga ndunazo zinabadwira kuti, m'ndege?" anayankha Ambuya, osawayang'ana n'komwe.

Anagwirizana kuti zichitike pobwera kumanda, akuluakulu a boma atachoka. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuyeserera m'bafa, pamaso pa galasi. Ndinkadziuza kuti lero anthu onse adzadziwa kuti mdzukulu wowadziwa Agogo ndi uti.

Ndinatuluka kuseri kwa nyumba kukadali kamdima. Kunali kuzizira koluma zala, ndipo mphepo inali itayamba kale kuulutsa masamba ouma. Azimayi a ku Kabwata ndi a ku Chelstone anali atasonkha moto pamalo angapo pafupi ndi mpanda. Ena ankadula kabichi m'mabeseni, ena ankasosola nkhuku, ndipo madzi a tiyi ankawira mumgolo. Amayi ananditumiza kukatsuka makapu pampopi. Madzi ake anali ngati a mufiriji. Mayi wina amene anabwera ndi mipando yobwereka anaima pambali panga n'kundifunsa ngati ndimagwira ntchito panyumbapo. Ndinamuuza kuti ndine mdzukulu.

"Ah, so bali babili? Ine nenze namvela chabe za uja wa ku Canada," anatero, n'kundipatsa kapu yake kuti ndimutsukire.

Kunja kutayera asisi Lindiwe anatuluka. Ndivomere kuti ndinkayembekeza kuti atuluka atavala thalauzi, apereke moni m'Chingerezi, azimayi atsinane. Anatuluka atamanga chitenje bwinobwino, duku kumutu. Anapita kumene kunakhala Ambuya, anagwada mawondo onse awiri pafumbi n'kuomba m'manja.

"Mwauka bwanji, Ambuya? Pepani, ndakugonerani pabedi inu muli pansi. Tulo tinandiba. Lero ndigona pomwe mugone inu."

Azimayi anasiya mipeni. Chichewa chimene asisi anayankhula sichinali cha mu Lusaka muno. Chinali chakumudzi chenicheni, chokhala ngati cha nkhalamba, chifukwa anachiphunzira kwa Agogo okha kumaiko kumene kunalibe wina wochiyankhula. Mayi wina anati, "Tamvani mwana! Monga sanachokepo ku Katete." Ine m'kalasi ndimakhoza bwino Chinyanja cholemba, koma pakamwa panga pamatuluka "nifuna" ndi "manje" m'malo mwa "ndikufuna" ndi "tsopano", ngati mwana aliyense wa ku Kabwata. Palibe amene anayamba wasiya mpeni kuti andimvetsere.

Kenako anabwera kumpopi n'kundikumbatira, manja anga ali ndi thovu la sopo. Ankanunkhira bwino.

"Tisa, mng'ono wanga, wakulatu! Ndinamva kuti ndiwe unkawawerengera nyuzi. Zikomo kwambiri."

Ndinayankha mwaulemu. Koma zikomo ameneyo anandibaya. Munthu amathokoza chonchija ukamusungira katundu wake iye ali paulendo.

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anayamba kuchuluka. Msewu wonse unadzaza ndi magalimoto mpaka pamphambano, ena okhala ndi timbendera ta maiko ena kutsogolo. Kunabwera azungu ndi amwenye ovala masuti akuda, azimayi ovala zitenje zofanana, achibale a ku Kaunda Square amene sindinawaonepo, ndi nkhalamba zingapo za imvi zoyenda ndi ndodo, zimene zinagwira ntchito ndi Agogo kalekale. Asilikali anabwera ndi bokosi litakutidwa ndi mbendera ya dziko. Analiimitsa pakhomo kanthawi kochepa kuti Agogo atsanzike nyumba yawo, ndipo azimayi analira mokweza. Pamenepo nanenso ndinalira zenizeni.

Ponyamuka, galimoto yakuda ya banja inatenga Ambuya, amayi, amayi aang'ono ndi asisi Lindiwe. Malo anathera pomwepo. Amayi ananditsinzinira kuti ndikwere basi ya chigwirizano. Ndinakhala kumbuyo, pakati pa mayi wina wonenepa ndi mgolo wa madzi akumwa. Mdipiti wa magalimoto unali wautali moti kutsogolo sikunkaoneka, ndipo apolisi a njinga zamoto ankaimitsa ena onse m'mphambano. Tchalitchi chimene Agogo ankapemphera kuyambira unyamata wawo chili kwathu ku Kabwata, choncho tinadutsa pafupi penipeni ndi mafulati athu. Anansi athu anali ataima m'makonde. Ndinaona anzanga awiri a kusukulu akuloza galimoto yakuda ija. Basi yathu inadutsa palibe woiyang'ana.

M'tchalitchi munadzaza, ena anaima panja m'mawindo. Nduna imene inaimira boma inafotokoza ntchito za Agogo. Inati nthawi ina nkhondo itabuka kudziko kumene anali kazembe, iwo anayenda okha kusonkhanitsa ana a sukulu a kwathu kuno amene anali kumeneko, ndipo anakana kukwera ndege mpaka womaliza atalowa. Inatinso ali nduna anakhazika patebulo limodzi atsogoleri awiri a dziko lina amene sankapatsana ngakhale moni, ndipo sanawalole kubalalika mpaka atagwirana chanza. Ndinkamvetsera ngati akunena za munthu wina. Agogo amene ndimawadziwa ine ankalephera kutsegula botolo la mankhwala.

Mawu a zidzukulu anayankhula ndi asisi Lindiwe. Anayamba ndi kuti "ife zidzukulu", koma nkhani zonse zinali zawo. Anati ali wamng'ono Agogo ankawatenga kuofesi, iwo n'kumasewera pansi pa tebulo pamene akuluakulu akukambirana za maiko. Anati anawaphunzitsa kudya ndi mafoloko ambirimbiri, koma Lamlungu ankatseka chitseko n'kulamula kuti aliyense adye ndi manja. Anthu anaseka pang'ono, ena anapukuta misozi. Chakumapeto ananditchula, kuti mng'ono wawo Tisa ndiye anawasamala pa matenda. Anthu anatembenuka kufunafuna Tisayo, ndipo maso awo anagwera pa mtsikana wina wa kwaya amene anakhala kutsogolo kwanga. Mayi wina anamusisita paphewa.

Poona nkhope ndinaima nthawi yaitali mpaka msilikali anandikodola kuti ndisunthe. Anawakonza bwino. Pakamwa pamene panapotoka zaka zonsezi panali patawongoka, ndipo anawaveka suti ndi tayi. Ankafanana ndi chithunzi chawo chakale cha pakhoma. Sankafanana ndi anga.

Kumanda mphepo inakula. Fumbi lofiira linkalowa m'maso ndi m'kamwa, ndipo matenti ankachita kugwiridwa ndi anyamata kuti asauluke. Abusa anafupikitsa mawu. Asilikali anaomba mfuti m'mwamba, ana analira, mbalame zinabalalika m'mitengo. Poika nkhata anayamba ana a malemu, kenako anaitana zidzukulu. Anatipatsa nkhata imodzi kuti tigwirizane awiri. Asisi anagwira mbali yawo mopepuka n'kundisiyira kuti ndiike ndine, koma ojambula onse anali mbali yawo.

Tikuchoka, azimayi a Chibemba anatitchingira njira ndi mabotolo a paudala. Ndi chimbuya chimenecho: iwo ndi ife a kum'mawa timanyozana mwachibale, ndipo pamaliro athu amatipaka zoyera kumaso kuti tisalire kwambiri. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Mmodzi anathira Ambuya paudala m'duku monse.

"Imwe ba kum'mawa, ba Minisita banu bayenda. Manje mbeba zizapumulako!"

"Anyani okha ndiwo sadzapuma, inu mukadalipo," anatero Ambuya, akudzikuntha.

Asisi Lindiwe anapakidwa mpaka nkhope yonse inayera, iwo akungoseka ndi kupereka tsaya lina. Pofika kwa ine botolo linali litatha. Mayiyo anangondipukutira chala chake pamphumi.

Tinabwerera ku Kabulonga dzuwa litapendeka. Aliyense anasamba m'manja m'beseni la pageti, ndipo anthu anadya. Magalimoto a timbendera anachoka limodzilimodzi. Mu tenti munatsala achibale, anthu a kutchalitchi, nkhalamba za imvi zija, ndi dalaivala wakale wa Agogo, bambo wamfupi amene anawayendetsa zaka zonse za unduna. Ine sindinadye. Ndinkangodikira jekete.

Ambuya anandiitanira kuchipinda cha Agogo. Anatulutsa jekete lotuwa, chipewa ndi ndodo. Jeketelo linandifika m'mawondo, ndipo linkanunkhabe mankhwala opaka amene ndinkawasisita nawo paphewa.

"Pita ukawadzutse achimwene anga," anatero Ambuya. "Anthu aseke."

Ndinatuluka pakhomo lakutsogolo. Wina anakuwa kuti, "Awo abwera!" ndipo anthu anatembenuza mipando. Azimayi anayamba kale kuseka poona chipewa chikundiphimba maso. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Aliyense pabwalopo ankayang'ana ine.

Ndinachita monga ndinayeserera. Ndinakoka mwendo wakumanzere pansi, nsapato ikukhukhuluza fumbi. Dzanja lakumanzere ndinalipinda pachifuwa, zala zitafumbata, likunjenjemera. Ndinapotoza pakamwa. Ndinaima pakati pa tenti n'kuyamba kufuna mawu monga ankachitira: "Ma... ma... ma..." Mawuwo atakana kubwera ndinamenya ndodo pansi mwaukali, kenako ndinaloza kapu, mutu uli pansi. Ndinayang'ana kugeti n'kufunsa ndi lilime lolemera, "Galimoto yafika? Ndege indisiya." Ankafunsa zimenezi pafupifupi Loweruka lililonse, atavala zogonera, kulibe ulendo uliwonse. Sindinaphonye kanthu. Ngakhale kupukuta malovu ndi mkono wa jekete ndinachita.

Ndinali nditafika patali ndisanazindikire kuti palibe amene akuseka. Kunkangomveka tenti ikukupiza ndi mphepo. Nkhalamba zija zinali zitazolika. Mmodzi, wamtali, anavula magalasi n'kuphimba maso ndi dzanja. Dalaivala uja anayang'ana kumbali. Kenako ndinamva amayi anga akulira m'chitenje, kulira kwina kumene sindinakumve sabata yonseyi.

"Tisa, yakwana!" anatero amayi aang'ono ataimirira.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira. Chidwalireni, Agogo sanalole mnzawo aliyense kuwaona. Nkhalamba zomwezi zinkabwera ndi zipatso, iwo n'kupukusa mutu, ndipo amene ankatumidwa kugeti kukanena kuti agona ndinali ine. Bambo wamtali wa magalasiyo ndinamubweza ndekha kangapo. Agogo anabisala zaka zonsezo kuti anzawo aziwakumbukira ali chiimire, ndipo ine ndinawatulutsa pabwalo tsiku la maliro awo. Ndinaima pamenepo dzanja likadali pachifuwa. Sindinadziwe ngati ndiliwongole kapena ndithawe.

Asisi Lindiwe anadzuka pamphasa n'kubwera pang'onopang'ono, paudala akadali m'makutu. Anandinong'oneza kuti, "Tandibwereka, mng'ono wanga." Anandivula jekete mofatsa ngati akuvula mwana, analivala, anapendeketsa chipewa mbali imodzi. Ndodo sanaitsamire. Anaipana m'khwapa.

Anayenda kuchoka kumapeto kwa tenti, chifuwa patsogolo, masitepe aataliatali, akuyang'ana wotchi imene panalibe. Anaima pamaso pa dalaivala uja n'kutulutsa mawu aakulu a mwamuna.

"A Sakala! Ndege siyembekeza nduna. Mwapukuta galimoto kapena mwangoipatsa moni?"

Dalaivalayo anadzidzimuka n'kuimirira, manja m'mbali, asanaganize n'komwe. Anthu anaphulika ndi kuseka. Asisi anatembenukira kwa nkhalamba zija, anagwira awiri m'mapewa n'kuwayandikizitsa.

"Mabwana, makiyi a chipinda chino ali m'thumba mwangamu. Palibe atuluke, ngakhale kukataya madzi, mpaka mugwirane chanza. Tiyi ndiye imwani, ndaitanitsa wambiri."

Bambo wa magalasi uja anaseka mpaka kutsokomola. "Anaterodi! Ndinalipo ine!" ankatero, akumenya bondo. Asisi anatenga mbale yopanda kanthu n'kuipereka mwaulemu kwa mlendo wongoyerekeza, akumuuza m'Chingerezi chonyada kuti iyi ndi nyama yapamwamba ya kum'mawa kwa dziko lathu, mchira ndiwo umayamba kudyedwa. Anayankha foni yongoyerekeza m'Chifalansa, akugwada pang'ono, kenako anatseka foniyo ndi dzanja n'kutukwana m'Chichewa chakumudzi. Pomaliza anaponya ndodo kwa Ambuya, anatambasula manja n'kuyamba kuvina rumba, mapewa okha akugwedezeka, nkhope ili duu ngati ali pamsonkhano. Azimayi analuluta. Dalaivala ankalira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Ni beve! Bauka!" ankakuwa, kunena kuti ndi Agogo enieni, auka.

Amayi anga anachotsa chitenje kumaso n'kuseka, misozi ikadali m'masaya. Ambuya anadzuka kukavina nawo. Ine ndinali nditaima pafupi ndi mzati wa tenti, ndipo ndinadzipeza ndikuseka nanenso. Chimenechi ndicho chinandipweteka kuposa zonse za lero. Sindinadziwe kuti Agogo ankavina. Sindinadziwe kuti ankaseketsa anthu. M'mawa ndinkachitira asisi nsanje chifukwa cha bedi, galimoto ndi Chichewa chawo. Zonsezo n'zazing'ono. Iwo anali ndi munthu uyu, wamphumphu, zaka zonse za ubwana wawo.

Dzuwa likulowa anthu anabalalika. Anyamata anasanjikiza mipando, moto wa kuseri unasanduka phulusa, ndipo basi yomaliza ya ku Chelstone inanyamuka. M'nyumba munatsala ife ochepa. Wailesi ya Agogo ili pamalo pake, koma palibe waitsegula. Amayi aang'ono sanandiyankhule. Ambuya anangondipatsa mbatata yootcha n'kunena kuti ndidye. Amayi anandipeza kukhitchini ndikutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

"Unabatengela ndendende," anatero motsitsa. "Ndiye chifukwa chake vinababa." Anandikonzera kolala ya bulauzi n'kutuluka.

Asisi Lindiwe anasunga mawu awo a m'mawa. Anabweretsa bulangete n'kuyala pasimenti, pafupi ndi ine. Kenako anandifunsa ngati mwendo ankaukokadi chonchija. Ndinati inde. Anafunsa za dzanja, ndinati inde. Anati pafoni Agogo ankangowaonetsa nkhope, mbali yabwino yokha, ndipo ankadula msanga.

"Iwe unawaona mpaka kumapeto," anatero. "Ine sindinawagwire ngakhale dzanja."

Ndikudziwa kuti pamenepa ndinayenera kumva bwino, kapena kuwamvera chisoni. Chisoni ndinawamvera pang'ono. Koma mumtima ndinkati, tisinthane ndiye. Atenge Maloweruka anga onse, ndi zikhadabo ndi malovu, andipatse tsiku limodzi la pansi pa tebulo lija. Ine ndikanavomera lero lomwe. Iwo sindikhulupirira kuti akanavomera.

Tsopano agona, ndipo ndikulemba izi nditatsamira khoma. Ndege yawo inyamuka Lamlungu, ndipo akapita apita nawo Agogo ovina aja, pakuti m'nyumba muno mulibenso wina wotha kuwadzutsa chonchija. Ine ndikufuna kudzaphunzira Chifalansa ndi kudzagwira ntchito imene Agogo ankagwira, ndipo sindingayambe ndi mwendo wokoka.

Mawa m'mawa, ndisanabwerere ku Kabwata, ndikalowa m'chipinda cha asisi Lindiwe. Ndikawapempha kuti atseke chitseko, avalenso jekete, andionetse Agogo awo kuyambira pachiyambi, mayendedwe, mawu ndi kavinidwe komwe, mpaka ndigwire. Sindikawauza kuti anachita bwino. Akandifunsa za Agogo anga, ndikaona pomwepo ngati ndingawagawireko.